Nkhope Zobwereka za a Pensulo

A Pensulo sankatha kujambula nkhope yochokera m'mutu mwawo. Galimoto, mtengo, mpando wothyoka mwendo, galu akukanda utitiri, zonsezi ankazitulutsa papepala kwinaku akucheza ndi munthu, osayang'ana n'komwe. Koma ikafika nkhope, dzanja linkauma gwa. Akati apeke, ankatuluka munthu wooneka ngati mbatata yoboola maso, ndipo woyamba kumuseka ankakhala iwo eni. Choncho nkhope ankachita kubwereka. Ankabwereka kwa aneba, kwa okwera nawo minibasi, kwa anthu oima pamzere kuchipatala, ndipo eni ake kawirikawiri sankadziwa kuti abwereketsa kanthu.

Dzina lawo lenileni linatha kalekale chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Kuyambira ali mnyamata ankayenda ndi pensulo kukhutu, ndipo mkazi wawo amalumbira mpaka lero kuti tsiku la ukwati anachita kuwachotsa yekha pakhomo la tchalitchi. Ntchito anayambira pa zikwangwani: ng'ombe yonenepa pakhoma la butchala, nsapato yaikulu kuposa chitseko pa wosoka nsapato, mitu yometedwa bwino pa mababashopu. Mitu imeneyi ndiyo inawatsegulira mwayi. Tsiku lina mayi wina anabwera kudzametetsa mwana wake, ndipo atakweza maso anaona pakhoma mutu wa mlonda wa ku ofesi kwawo, ndi tulo take tomwe m'maso. Mayiyo anali mkonzi wa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku, ya zipinda zochepa pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Anafunsa amene anajambula, ndipo sabata isanathe a Pensulo anali akukwera masitepe a ofesi ija atavala shati ya kutchalitchi.

Mabuku a Mayi Mkonzi sanali a nyama zoyankhula kapena a ana ouluka m'mitambo. Anali a ana ndi achinyamata monga momwe alili: mtsikana amene nsapato yake yayasamula ndipo akuopa kuima kutsogolo pa asembule, mnyamata amene makolo ake asiyana ndipo sakudziwa kuti tchuthi akathere kuti, wina walephera mayeso ndipo akuzengereza panjira kuopa kufika kunyumba. Mayiwa anali ndi mawu awo amene ankawabwereza kwa aliyense wolowa mu ofesimo.

"Ana amafuna kudziona okha m'buku," ankatero. "Musandijambulire angelo, a Pensulo. Ndikufuna mwana wa mamina, kolala itapindika, sokosi imodzi itagwa."

Kwa munthu wobwereka nkhope, ntchito yoposa imeneyi kunalibe. A Pensulo anasandutsa kachipinda kakuseri, kosungiramo makasu ndi njinga yakufa, kukhala ofesi. Tebulo linali chitseko chakale chogonekedwa pa migolo, maburashi ali m'zitini za jamu, ndipo zithunzi zonyowa ankaziyanika pachingwe ndi zopanira zovala za mkazi wawo, zomwe zinkayambitsa mlandu Loweruka lililonse pochapa. Chachikulu chinali zenera. Linayang'ana kumsewu, ndipo msewu wonse unkadutsa pamenepo.

Pasanathe zaka zambiri, dera lonse linali litalowa m'mabuku. Wogulitsa makala anatuluka ali dokotala, atavala gauni yoyera, ndipo kuyambira pamenepo ukamuitana kuti "a makala" sankacheuka. Telala anakhala mphunzitsi wamkulu. Mayi wa tomato anakhala wapolisi, ndipo anthu ankati zamukhala chifukwa pamtengo sankamva za munthu. Anthu anayamba kudutsa pazenera paja pang'onopang'ono, chibwano m'mwamba, ngati akuganiza zakuya. Mkulu wina atagula chipewa chatsopano anazungulira msewuwo mpaka miyendo kuwawa, ndipo pomaliza anangogogoda n'kufunsa ngati m'buku likubweralo mulibe malo a agogo olemera.

Vuto linali anthu oipa. Buku lililonse lili ndi wake, mphunzitsi wankhanza kapena mayi wopeza wolusa, ndipo palibe amene ankadutsa pazenera kuti apatsidwe udindo umenewo. Oterowo a Pensulo ankakawasaka kutali. Ankakwera basi mpaka kumapeto kwake, n'kukhala pasiteji ngati akudikira munthu, kenako n'kubwerako ndi mphuno ya uyu ndi nsidze za uyo. Nthawi ina ulesi utawagwira anajambula nkhope yawo yomwe, akudziyang'ana pagalasi, kuti ikhale ya mphunzitsi wokonda chikwapu. Bukulo litatuluka ana a mumsewu ankamwazika akawaona, ndipo mkazi wawo anawaletseratu kuti asadzayambirenso.

Ana awo a Pensulo anali anyamata okhaokha, onse akuluakulu, ndipo buku ankaligwira pokhapokha akafuna chopepesera moto. Amene anatengera kukonda mabuku anali mwana wa mchemwali wawo, mtsikana wa kusekondale amene aliyense ankamutchula kuti Loya chifukwa nkhani sinkatha iye asanafunse funso lomaliza. Akaweruka kusukulu ankadutsira kukachipinda kaja, chikwama chili kumsana, n'kuyamba kuyendera chingwe cha zithunzi manja ali kumbuyo.

"Amalume, mtsikana uyu nkhani ikuti kwawo ndi osauka. Nanga nsapato zonyezimirazi wazitenga kuti?"

"Wabwereka."

"Kwa ndani? Mnzake uja mwamujambula ndi phazi lalikulu."

A Pensulo ankang'ung'udza, n'kunena kuti ana a masiku ano alibe ulemu, kenako mtsikanayo akachoka n'kutenga labala. A Pensulo ankawaopa pang'ono Mayi Mkonzi, koma amene ankamuopa kwambiri anali Loya, ndipo ankamukonda kuposa momwe pakamwa pawo pakanathera kunena. Chithunzi chimene Loya wachiyang'ana n'kungoti "eya" ankachinyamula kupita nacho ku ofesi ngati dzira.

Bambo ake a Loya, mlamu wawo wa a Pensulo, anali wowotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, zonse zotuluka mushedi mwawo zinkakhala zowongoka ngati zogula m'sitolo, bola ukhale utawapeza dzuwa lisanafike paliwombo. Likapendeka, shedi inkatsekedwa, ndipo mwini wake ankapezeka kuseri kwa msika komwe mabotolo amakhala ambiri kuposa mipando. Sanali wandewu. Akakhuta ankaimba, kupatsa moni mitengo ya magetsi, n'kumauza aliyense kuti mwana wake adzakhala jaji. A Pensulo sanawakondepo chikwatirire mchemwali wawo. Ankapatsana moni waulemu, "Alamu, alamu," basi aliyense n'kuona msana wa njira.

Ndiye kunabwera nkhani yatsopano kuchokera ku ofesi. Inali ya mtsikana amene bambo ake amamwa: amagulitsa wailesi ya m'nyumba, amagona pakhonde la eni, ndipo tsiku lina amafika kusukulu ali dzandidzandi kudzafunsa mwana wawo pamaso pa kalasi yonse. Nkhani inali yabwino, yoti munthu wamkulu ukuwerenga umatsokomola kubisa misozi. Mtsikanayo a Pensulo anamupeza msanga, anali wogulitsa mazira pasiteji ina yakutali. Koma bamboyo anavuta. Anakwera mabasi, anakhala pafupi ndi mabala mpaka eni ake kuyamba kuwakayikira, koma nkhope iliyonse imene anapita nayo ku ofesi inabwezedwa.

"Uyu ndi woledzera wa m'sewero, wongoseketsa anthu," anatero Mayi Mkonzi akukankha pepala. "Ine ndikufuna bambo woti mwana angachite naye manyazi koma n'kumamukondabe. Ndipo fulumirani, osindikiza akundipumira m'khosi."

Nthawi imeneyo Loya sankabwera, anali pakalikiliki kukonzekera mayeso. Chingwe cha zithunzi chinalibe woyendera. Madzulo ena a Pensulo ali khale patebulo, pepala lili mbee, anamva nyimbo ikubwera mumsewu. Kenaka pazenera panatulukira mutu wa mlamu wawo, maso ali psuu, akumwetulira ndi mpata wawo wa pakati pa mano.

"Alamu, mukujambula? Jambulani, jambulani. Mwana wanga amati ndinu katswiri. Akanena iyeyo ndiye kuti n'zoona, adzakhala jaji ameneyo."

Anakhala pazenerapo kanthawi, akufotokoza za geti lina limene analipanga kalekale, kenako anatsanzika mwaulemu n'kupitiriza nyimbo yawo. A Pensulo atayang'ana pansi anapeza dzanja lawo litamaliza kale ntchito. Papepala panali mpata wa mano uja, chipsera cha pansidze pomwe nthethe ya moto inawatentha, khutu lamanzere lopindika pang'ono, ndi maso a munthu amene akupepesa asanalakwe. Inali nkhope imene Mayi Mkonzi ankafuna, ndipo a Pensulo anadziwa pomwepo kuti sayenera kuigwiritsa ntchito. Anadziwanso kuti aigwiritsa ntchito.

Kuti mtima ukhale m'malo, anaiveka ndevu ndi chipewa. Chipsera, mpata ndi khutu anazisiya, chifukwa akazifufuta nkhope inkafa n'kubwerera ku mbatata. Mkazi wawo atabwera kudzalanda zopanira zake anaima pachingwe nthawi yaitali.

"Bambo, awa si alamu anu awa?"

"Alamu anga ali ndi ndevu?"

"Ndevu zimamera."

"Iwe sudziwa za luso. Anthu amafanana padziko pano."

"Chabwino," anatero mayiwo akutola zopanira. "Koma walira mvula walira matope. Ine ndanena."

Mayi Mkonzi ataona zithunzizo anaimirira n'kuwagwira chanza a Pensulo, chinthu chimene anali asanachitepo. Buku linasindikizidwa, linakondedwa, ndipo linalowa m'makatoni kupita m'malaibulale a sukulu. Katoni imodzi inakatsikira kusukulu ya Loya, ndipo mphunzitsi wa laibulale, posadziwa kanthu, anayala mabuku atsopanowo patebulo la pakhomo penipeni.

Sipanakhalepo buku lobwerekedwa chotero pasukulupo. Ngakhale anyamata a kumbuyo kwa kalasi, amene buku ankaliona ngati mankhwala owawa, ankalimbirana. Sikuti ankawerenga. Wina anali atatulukira kuti ukaphimba ndevu ndi chala chachikulu, umatsala ndi munthu amene aliyense anamuonapo akupatsa moni mtengo wa magetsi. Zala zinagwira ntchito mpaka ndevu za m'mabuku onse zinada ndi thukuta. Loya akalowa m'kalasi, wina ankafunsa mokweza ngati akufunsa za nyengo kuti, "Kodi bambo ako lero ali patsamba liti?"

A Pensulo anamva zimenezi mochedwa, monga amachitira mwini nkhani. Chimene anaona choyamba n'chakuti Loya wayamba kudutsa tsidya lina la msewu, maso ali kutsogolo ngati msilikali. Anamuitana, sanacheuke. Anaganiza kuti ndi mayeso. Kenako m'mawa wina mchemwali wawo anafika osagogoda, ndipo mpando atapatsidwa anaukana.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?"

"Bwanji, mlongo wanga?"

"Mwana wakana sukulu. Yunifolomu waipinda, waiika pansi pa sutikesi. Mayeso ali pakhomo ndipo akuti sakalemba. Amuna anga ndi oledzera, eya, ndimadziwa, ndimagona nawo m'nyumba ndine. Koma munafunika kuchita kuwasindikiza?"

Anachoka osatsanzika. A Pensulo manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Mkazi wawo anawabweretsera tiyi n'kubwerera kukhitchini.

Munthu akapalamula amathamanga kwambiri, koma kawirikawiri amathamangira kolakwika. A Pensulo anathamangira ku ofesi kukapempha kuti mabuku onse abwezedwe. Mayi Mkonzi anagwira pakamwa atamva nkhaniyo, anawakalipira mokwanira, kenako anawauza zoona: mabuku anali atamwazika m'sukulu zambirimbiri, ndipo kuwatolera kunali ngati kutola mchere wotayikira mumchenga. Chomwe akanatha n'kusintha zithunzi posindikiza kachiwiri, ndipo zimenezo zinali za miyezi ya kutsogolo.

Pobwerera m'basi, nzeru ina inawafikira, ndipo anaiona ngati yochokera kumwamba. Anatenga botolo la inki ndi kaburashi kakang'ono, napita kusukulu ya Loya nthawi ya maphunziro. Anauza mphunzitsi wa laibulale kuti pali zolakwika zazing'ono zofunika kukonza, ndipo mphunzitsiyo, pokondwa kuona wojambula weniweni, anawasonkhanitsira mabuku onse n'kuwapatsa mpando. A Pensulo anakhala pakona mpaka msana kuuma, tsamba ndi tsamba, akuveka bambo wa m'nkhani uja magalasi akuda. Maso akabisika, anaganiza choncho, munthu sadziwika. Anatuluka akuimba likhweru.

Chimene anaiwala n'chakuti mlamu wawo ndi wowotcherera zitsulo. Theka la moyo wawo anthu ankawaona atavala magalasi akuda. Ana amene poyamba ankakayika tsopano anakhutira, ndipo chala chophimbira ndevu sichinafunikenso. Nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti wojambula uja anabwera yekha kudzamalizitsa chithunzi kuti chifanane bwino. Mkazi wawo atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anapukuta misozi n'kuwauza kuti asiye kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, apite akaonane ndi mwanayo.

Anamupeza pakhonde akuchapa, thovu lili m'zigongono. Loya anawapatsa moni wa mlendo, nawaikira mpando patali pang'ono. A Pensulo anayamba kupepesa, ndipo anali atakonzekera bwino panjira: za changu cha osindikiza, za nkhope zimene zinakanidwa, za dzanja limene limachita zinthu mwini wake asanalilole. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja pasiketi, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku lija.

"Munaliwerenga lonse, amalume?"

"Ndinaliwerenga."

Loya anakhala pafupi nawo n'kuyamba kutsegula. "Apa ndi ababa akugulitsa wailesi. Apa agona pakhonde la eni. Apa ali pakhomo la kalasi. Sindikukana, ndi iwowo, mwawajambula bwino. Zimene anzanga akunenazi ankanena kale buku lisanabwere, kungoti ankanong'ona. Tsopano apeza poyambira."

"N'chifukwa chake ndabwera, mwana wanga. Posindikiza kachiwiri ndichotsa..."

"Dikirani, sindinamalize."

Anatsegula mutu womaliza. M'nkhanimo, bambo uja amadzuka tsiku la msonkhano wa makolo, amasita shati yekha, ndipo amafika kusukulu ali bwinobwino n'kukhala pafupi ndi mwana wake pabenchi. Mlembi sanalonjeze kuti wasiya mowa, anangolemba za tsiku limenelo. Chithunzi chake chinali chokongola: holo yodzaza, kuwala kukulowa pazenera, bambo ndi mwana atakhala limodzi. Koma onse anajambulidwa cha kumbuyo. Zimene zinkaoneka za bamboyo zinali msana wa shati ndi khosi.

"Apa bwanji?" anafunsa Loya.

A Pensulo anayamba kunena za kuwala, ndi kuti nthawi zina msana umayankhula kuposa nkhope. Mtsikanayo ankawayang'ana monga ankayang'anira nsapato zonyezimira zija.

"Masamba onse oledzera mwawapatsa nkhope," anatero. "Tsamba limodzi lokhali, pamene ali bwino, mwawatembenuza. Anzanga akandiseka ndimafuna nditsegule apa ndiwaonetse, koma ndiwaonetsa chiyani? Msana ndi wa aliyense."

Atatero anayang'ana kumbali. A Pensulo anakumbukira tsiku limene anajambula tsambalo. Anali atayesa nkhope, dzanja n'kuuma monga mwa masiku onse, ndipo anangomutembenuza munthuyo osadzifunsa chifukwa. Chifukwa chake chinali chapafupi. Nkhope ya mlamu wawo asanamwe analibe. Zaka zonsezi ankawayang'ana akaledzera okha, mwina chifukwa zinkawakomera kuona kuti sanalakwe posawakonda chiyambire.

"M'mawa uliwonse amakhala chonchi," anapitiriza Loya, chala chili pa msana wa papepala uja. "Amadzuka woyamba, amandiwiritsira madzi, amandipukutira nsapato, amandiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Kungoti inuyo simubwera m'mawa."

Tsiku lotsatira a Pensulo analawirira kushedi, koyamba chikhalire. Anapeza mlamu wawo atagwada pa felemu ya bedi, moto uli thethethe. Atawaona anazimitsa makina, nakweza magalasi pamphumi. Maso anali oyera, otopa pang'ono, ndipo anali maso a Loya enieni.

"Alamu, mwasochera?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Za buku? Makasitomala anandibweretsera. Ndevu zinandikhala, ndikuganiza zoyamba kusunga." Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anakhala pa ndowa yovundikira, nawalozera a Pensulo ina. "Mwana wanga ali pakhomo, sakupita kusukulu. Ndakhala ndikudzifunsa kuti wamukhazika ndani, inu kapena ine. Ndaona kuti tingogawana, koma chigawo chachikulu ndi changa. Inu munangojambula zimene ndinakuonetsani."

A Pensulo anafotokoza za kusindikiza kwachiwiri, kuti adzachotsa nkhope yawo m'buku monse n'kuikamo ya munthu wakutali. Mlamuyo anapukusa mutu.

"Mukandichotsa, anthu aiwala kuti ndinali ine? Ndisiyeni momwemo. Mwana wandionetsa tsamba lomaliza lija. Pamenepo pokha nditembenuzeni."

Ntchitoyo sinathe tsiku limodzi. Munthu wosamwa m'mawa amene anazolowera kumwa masana sakhazikika: manja ankanjenjemera pamaondo, thukuta linkatsika, ndipo ankangofunsafunsa ngati watsala pang'ono. A Pensulo nawo dzanja linkathamangira kunkhope yakale ija, yomwe linaizolowera, ndipo labala anagwira ntchito kuposa pensulo. Ankabwera m'mawa ndi m'mawa, n'kukhala pa ndowa zawo moyang'anana. Pocheza anamva zinthu zimene sanazifunsepo, za geti loyamba, za chipsera chija, za usiku umene Loya anabadwa mvula ikugwa. Masana shedi inkatsekedwabe, tisanamizane, ndipo nyimbo inkamvekabe mumsewu. Koma m'mawa munthuyo ankapezeka pa ndowa atasamba, shati itasitidwa ndi iye mwini.

Tsiku lomaliza a Pensulo anatumiza uthenga kuti woyendera zithunzi akufunika. Sankadziwa ngati abwera, ndipo mtima unali m'mwamba kuposa tsiku limene anakwera masitepe a Mayi Mkonzi. Loya anafika atavala yunifolomu yokhala ndi mizere ya mopindidwa, chikwama chili kumsana, nkhope ili yosalonjeza kanthu. Analandira pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali. Benchi inali yomweyo, holo yomweyo, koma bamboyo tsopano anali atayang'ana kuno, wopanda ndevu, wopanda chipewa, wopanda magalasi, akumvetsera za kutsogolo ndi nkhope ya munthu amene akuyesetsa.

"Kolala mwaikhotetsa," anatero.

"Ndikonza."

"Ayi, isiyeni. Amasita choncho." Analowetsa pepalalo pakati pa buku lake la masamu mosamala. "Ili ndikupita nalo. A ku ofesi muwajambulire lina."

"Taima, ndione kaye," anatero bambo ake. Anali asanaloledwe kusuzumira masiku onsewo. Anapukuta manja pa thalauza, nagwira pepalalo m'mphepete ndi nsonga za zala zawo zopserera. Anayang'ana, nayang'ananso, kenako anatembenukira kwa mwana wawo, osati kwa wojambula.

"Kodi ndimaoneka chonchi ine?"

"M'mawa mumaoneka choncho, ababa."

Bamboyo anabweza pepala, anavula magalasi pamphumi n'kuwapachika pamsomali, nauza mlamu wawo kuti awayang'anire shedi pang'ono. Loya anawakumbutsa kuti pamsewu waukulu si patali, abweranso pompano.

"Lero sindithera pamsewu," anatero. "Ndikafika mpaka pageti, akandione bwinobwino amene amafunsa za tsamba aja."